Kuona Maso a Nkhono

Impso za mwana zimadwala mwakachetechete. Chifuwa chimamveka usiku wonse, malungo amawotcha dzanja la mayi, koma impso zikayamba kufooka mwana amapitiriza kusewera, ndipo chizindikiro choyamba chimakatayika kuseri kwa nyumba popanda wochiona. N'chifukwa chake ntchito ya namwino wosamalira ana odwala impso ndi njira ya mkodzo yagona pa mwambi wa akuluakulu uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ikamva mgugu imabweza tinyanga take m'chigoba, ndipo wofuna kuona maso ake amakhala pansi osaigwedeza mpaka itawatulutsa yokha. Ku nyanja ya Chiuta nkhono ya m'mwambiwu si yongoyerekeza chabe, pakuti nthenda yofala ya chikhodzodzo kumeneko, likodzo, imachokera mu nkhono yeniyeni ya m'madzi.

Munthu ali ndi impso ziwiri kumsana, m'munsi mwa nthiti, ndipo iliyonse ili ndi tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Mwa munthu wamkulu tisefati timasefa malita okwana 180 pa tsiku kuchokera m'magazi, koma madzi ambiri amabwerera m'thupi, otuluka ngati mkodzo n'kukhala lita imodzi ndi theka. Pochita zimenezi impso zimachotsa zoipa, zimalinganiza madzi ndi mchere, zimaletsa BP kukwera, komanso zimatuma mafupa kupanga magazi. Tisefati timamaliza kupangika mwana ali m'mimba, cha m'sabata ya 36, ndipo pambuyo pake sitionjezekanso. Khanda lobadwa masiku asanakwane limayamba moyo ndi tisefa tochepa, choncho kusamala impso za ana kumayambira kusikelo ya amayi apakati.

Nyanja ya Chiuta ili kum'mawa kwa boma la Machinga, m'malire a Malawi ndi Mozambique. Ndi yosazama, m'mphepete mwake mwadzaza bango ndi udzu. Mtunda wamchenga umailekanitsa ndi nyanja ya Chilwa kummwera, ndipo madzi akachuluka amapita kumpoto ku nyanja ya Amaramba, kenako mumtsinje wa Lugenda. Madzi ofunda, oyenda pang'onopang'ono otere ndi amene tinkhono ta mtundu wa Bulinus timakonda, ndipo timapezekanso m'madambo, m'minda ya mpunga ndi m'mphepete mwa Shire ku Liwonde ndi ku Balaka. Mwana wa kwa Chikweo kapena kwa Ngokwe sungamuletse madzi. Kumeneko ndiko kosamba, kochapa, kowedza matemba ndi makumba, kowokera mpunga. Walira mvula walira matope: nyanja yodyetsa banja ndi yomwenso imapatsa ana likodzo.

Kanyongolotsi koyambitsa likodzo kanatulukiridwa ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu 1851 ku Cairo. Wodwala akakodzera m'madzi amasiyamo mazira. Mazirawo amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono, kuchulukana m'menemo kwa masabata angapo, kenako n'kutuluka kukaboola khungu la wosamba, losakhala ndi bala n'komwe. M'thupi timakula n'kukakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, kumene timaikira mazira kwa zaka. Mazira oboola chikhodzodzo ndiwo amatulutsa magazi, ndipo magaziwo amabwera pomaliza kukodza, madontho otsiriza. Oopsa kwambiri ndi mazira otsalira. Amaumitsa chikhodzodzo, amapanikiza timipita tochokera ku impso mpaka mkodzo kubwerera m'mbuyo n'kutupitsa impsozo, ndipo pakapita zaka zambiri angathe kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Mwa atsikana amafikanso kumaliseche, n'kuyambitsa zilonda ndi chikazi chimene ena amachitenga ngati matenda opatsirana pogonana, mwana wosalakwa n'kukalipidwa.

Kumene likodzo lili lofala, mnyamata wokodza magazi sadabwitsa munthu, poti anzake onse amatero. Namwino ndiye ayenera kufunsa, ndipo kufunsa kwake kukhale kwanzeru. Mtsikana wa zaka 12 sanganene za mkodzo wake pamaso pa amalume ake kapena pamzere wodzaza anthu. Amamutengera pambali, ndipo ngati kwawo amayankhula Chiyao kapena Chilomwe, funso limafunsidwa m'chilankhulo chimenecho. Mkodzo wokayeza mazira umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, akumwa kamodzi. M'sukulu, pamene palibe sikelo, azaumoyo amagwiritsa ntchito ndodo yoyezera msinkhu. Mbulu wake ndi waukulu ndi wowawa, ndipo wakumwa ndi njala amachita chizungulire ndi kusanza, zimene zimachititsa makolo ena kubisa ana tsiku logawa mankhwala. Phala lokha, lomwedwa mankhwala asanalowe, limachepetsa mavutowa. Ana osafika msinkhu wa sukulu akhala akutsalira kwa nthawi yaitali chifukwa mbuluwo sangaumeze, ngakhale amayi awo amawasambitsa m'madzi omwewo. Mbulu wa ana aang'ono wosungunuka m'kamwa, arpraziquantel, unavomerezedwa ndi bungwe la WHO mu 2024. Palibe mankhwala oletsa mwana kutenganso likodzo akabwerera m'nyanja, choncho kumwa kumabwerezedwa, ndipo chimbudzi cha pagombe chimagwira ntchito imene mbulu sungagwire.

Nthenda yachiwiri ndi ya tizilombo tolowa m'njira ya mkodzo, makamaka E. coli wochokera m'chimbudzi cha mwana yemweyo. Mwana wamkulu amanena kuti mkodzo ukuwotcha kapena akukodza pafupipafupi. Khanda silinena kanthu. Limangotentha thupi, kukana bere, kusanza, kapena kuima sikelo. Kudera kumene kutentha thupi kulikonse kumatchedwa malungo, mwana amene pachala malungo sanapezeke ayenera kuyezedwa mkodzo asanabwezedwe kunyumba ndi panado yekha. Apa kudekha kwa mwambi uja kumaoneka ndi maso. Mkodzo wofinyidwa m'thewera ndi wosadalirika, poti wasakanikirana ndi za pakhungu. Namwino amatsuka khanda kumaliseche ndi madzi oyera, amalikhazika pamiyendo ya mayi lopanda thewera, n'kumupatsa mayiyo kabotolo kotsegula. "Muyamwitseni, mayi, koma maso akhale apa. Ukangoyamba kutuluka mutchere." Pangathe kupita theka la ola kapena kuposa, ndipo wocheukira kumbali pang'ono amayambiranso. Mankhwala ake amamwedwa masiku 7 mpaka 10 osadukiza. Nthendayi ikamabwerabwera imasiya zipsera pa impso, ndiye namwino amafufuza chifukwa chake: kudzimbidwa, kusunga mkodzo tsiku lonse poopa chimbudzi cha kusukulu, kapena kupukuta mtsikana kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo. Mwana wamwamuna amene chibadwire mkodzo wake umangodontha, amene amachita kudzikakamiza ndipo pachinena pake pamakhala pofufuma, angakhale ndi kanthu kotseka mpita kobadwa nako. Ameneyo amamuika kapaipi kuti mkodzo utuluke, n'kumutumiza msanga kwa madokotala a opaleshoni.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya mwana wotupa. Kumudzi kutupa kuli ndi mayina ake kale: tsempho kapena mdulo, kwa Ayao ndaka. Amati bambo wayenda njira zosayenera, kapena wina wathira mchere m'ndiwo ali wosayenera kutero. Banja limayamba lakhala pansi, kufunsana, kupita kwa sing'anga, ndipo pofika kuchipatala papita masabata, mayi ali ndi mlandu pamutu. Namwino amene amayamba ndi kunyoza zimenezi amataya banja lonse, ndipo tsiku lachitatu bedi amalipeza lopanda munthu. Wodziwa ntchito amamvetsera kaye, amafunsa mankhwala amene mwana wamwa kale mosaweruza, kenako amaonetsa mayi chimene iye akuona.

Kuchipatala nakonso kutupa kumasokoneza, chifukwa mwana wotupa amafulumira kuganiziridwa kuperewera zakudya n'kupatsidwa chiponde. Kutupa kwa njala kumayambira kumapazi, tsitsi limafiira n'kumathothoka, khungu limasupuka. Kutupa kwa impso kumayambira m'zikope m'mamawa, mwana amadzuka maso ali otsekeka, pofika madzulo madzi atsikira kumiyendo ndi m'mimba, ndipo mkodzo umachita thovu losatha msanga. Namwino amasindikiza chala pamsongolo, kuwerenga mpaka katatu, n'kuchotsa. Pamatsala kadzenje. Kenako amaviika kapepala koyezera mu mkodzo, kamene kamasintha mtundu ngati muli mapuloteni kapena magazi. Timapepalati tikatha pali njira yakale: kuwotcha mkodzo m'kabotolo kagalasi ka ku labu, ndipo ukachita mbuu wosayera ngakhale atadonthezeramo viniga, ndiye kuti muli mapuloteni.

Mitundu ikuluikulu ya kutupa kwa impso ilipo iwiri. Woyamba, umene madokotala amautcha nephrotic syndrome, ndi pamene tisefa tikudontha mapuloteni ochuluka, magazi n'kulephera kusunga madzi m'mitsempha. Umagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 6. Mankhwala ake ndi prednisolone wa tsiku ndi tsiku kwa masabata 4 mpaka 6, kenako wochepetsedwa pang'onopang'ono. Ku Ulaya ana 8 mwa 10 amaphwa ndi mankhwalawa. Mu Africa muno osaphwa amachulukirapo, chifukwa nthawi zina kuseri kwake kuli HIV, nthenda ya chiwindi ya hepatitis B kapena sickle cell, ndipo zimenezi zimayezedwa pamodzi ndi TB mankhwala asanayambe. Prednisolone amanenepetsa nkhope, amabweretsa njala yoopsa, amasintha khalidwe la mwana, ndipo amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Mayi amene sanauzidwe zimenezi amaona nkhope yozungulira n'kuganiza kuti kutupa kwabwerera, ndiye amasiya mankhwala, pamene kusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Mwana wotere sagonekedwa pafupi ndi wachikuku, wakatsabola kapena wotsokomola, ndipo akangomva m'mimba kupweteka ndi kutentha thupi dokotala amaitanidwa nthawi yomweyo, chifukwa madzi a m'mimba aja amagwidwa tizilombo mosavuta. Khungu lotupa limachita zilonda msanga, choncho mwana amatembenuzidwa, m'mapindiko mwake mumapukutidwa, ndipo maliseche otupa amachirikizidwa ndi kansalu kofewa.

Mtundu wachiwiri umatsatira zilonda zapakhosi kapena zapakhungu, makamaka mphere zokandidwa mpaka kuchita mafinya. Tizilombo ta streptococcus timautsa chitetezo cha m'thupi, ndipo chitetezocho chimatupitsa tisefa, patapita sabata 1 kapena 2 kuchokera pa zapakhosi, masabata 3 mpaka 6 kuchokera pa zapakhungu. Mkodzo umachepa n'kukhala ngati tiyi wopanda mkaka, wonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kusiyana ndi madontho ofiira a likodzo. Choopsa apa ndi BP. Anthu amaiona ngati nthenda ya akuluakulu, moti mwana wa zaka 8 wodandaula mutu, wosanza ndi kuona mwachimbuuzi amatha kukomoka asanayezedwepo. Chakudza sichiyimba ng'oma. Namwino amayeza BP kangapo pa tsiku ndi lamba wa msinkhu wa mwana, wophimba magawo awiri mwa atatu a mkono wa kumtunda, pakuti lamba wa munthu wamkulu amaonetsa nambala yotsika yabodza. Ana ambiri a nthendayi amachira ndithu ngati adutsa sabata yoyamba bwino.

Pali nthawi imene impso zimangoima mwadzidzidzi. Ku Machinga ndi ku Balaka zoyambitsa zake n'zodziwika: malungo aakulu, makamaka aja okodzetsa mkodzo wakuda, kutsegula m'mimba kotha madzi m'thupi, tizilombo tofalikira m'magazi, ndi kubanika kwa khanda pobadwa. Mliri wa kolera umene unalengezedwa mu Malichi 2022, wodwala woyamba atapezeka pachipatala cha boma la Machinga ku Liwonde, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera imapha poumitsa thupi mpaka impso kusowa chosefa. Maboma awiriwa anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, ndipo katemerayo pamodzi ndi masikito ndi Thanzi ORS akuteteza impso ngakhale satchulidwa choncho. Mankhwala nawonso amavulaza. Brufen wopatsidwa mwana wouma madzi, gentamicin wopitirizidwa mwana atasiya kukodza, ndi zitsamba zina zosadziwika mlingo zimamaliza impso zimene zinali zitafooka kale.

Magazi oyeza mphamvu ya impso sayezedwa pachipatala chaching'ono chilichonse, ndipo ngakhale pachipatala chachikulu zotsatira zimatha kuchedwa. Chotsala m'manja mwa namwino ndi sikelo, botolo lolembedwa mizere, wotchi ndi cholembera. Mwana ayenera kutulutsa osachepera mililita 1 ya mkodzo pa kilogalamu iliyonse pa ola. Wa makilogalamu 10 ayenera kutulutsa osachepera mamililita 240 pa tsiku, mlingo wosadzaza botolo la Fanta. Ukatsika kufika theka la mlingo umenewu kwa maola 6 kapena kuposa, zinthu zavuta. Kwa khanda, thewera limayezedwa lisanavekedwe ndi litanyowa, ndipo galamu iliyonse yoonjezereka ndi mililita imodzi. M'mawa uliwonse, asanadye, pa sikelo yomweyo, atavala zofanana ndi dzulo, mwana amayezedwa. Theka la kilogalamu loonjezereka usiku umodzi ndi madzi amene akusaka kolowera, ndipo akasowa amalowa m'mapapo.

Chimene chimafuna maso akuthwa n'chakuti ana awiri osakodza angafune chithandizo chosemphana. Wina wauma: maso alowa, liwombo latsika, khungu likatsinidwa silibwerera msanga. Ameneyo amafuna madzi mwachangu, ndipo impso zake zimadzuka. Wina impso zatseka ali ndi madzi ochuluka kale: zikope zatupa, sikelo yakwera, akupuma mothamanga. Diripi yothamanga imamumiza. Kwa iyeyu madzi a tsiku amawerengedwa kuchokera pa mkodzo wa dzulo, kuonjezerapo pang'ono a thukuta ndi mpweya, ndipo amagawidwa m'tikapu tating'ono tsiku lonse. Kumana mwana waludzu madzi n'kowawa kwa mayi, ndipo amene sanamvetse chifukwa chake amamupatsa usiku mobisa, mwachikondi. Namwino amathera nthawi pa kufotokoza, amanyowetsa milomo ya mwana, ndipo amaonetsa mayi manambala a pa tchati kuti aone yekha kumene madzi akupita.

Usiku namwino mmodzi amayang'anira ana ambiri, ndipo sangaone mkodzo uliwonse. Yesero lake ndi kufunsa podutsa kuti "Wakodza?", kumva kuti "Eee, wakodza bwino, anesi", n'kulemba. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Tchati chodzazidwa chomwecho n'choipa kuposa chopanda kanthu, chifukwa dokotala wa m'mawa amachikhulupirira. Njira yake si kukayikira mayi koma kumuphunzitsa. Gadiyani wopatsidwa botolo la mizere, wouzidwa kuti asataye mkodzo namwino asanauone, woonetsedwa kujambula kamzere pa kapu iliyonse imene mwana wamwa, amagwira ntchitoyi mokhulupirika ngakhale sanapite kusukulu, poti palibe amene amayang'anitsitsa mwanayo kumuposa.

Pa zakudya, mchere umachepetsedwa kwa mwana aliyense wotupa kapena wa BP, kuphatikizapo tokometsera ndiwo ta m'mapaketi, tchipisi ndi soda wa m'therere. Amene impso zake zatseka amaletsedwanso kwa kanthawi nthochi, mapeyala, tomato wambiri, mbatata ndi chidulo, chifukwa potaziyamu wake akachuluka m'magazi amaimitsa mtima popanda chenjezo. Lamuloli si la wodwala impso aliyense. Mwana wotaya mapuloteni amafuna nsomba, mazira ndi nyemba monga mwa masiku onse, ndipo khanda limapitiriza kuyamwa.

Impso zikakana kudzuka, ulendo umatalika: kuchoka ku Nayuchi, Chikweo kapena Ntaja kupita ku Liwonde, kuchoka ku Liwonde kapena ku Balaka kupita ku Zomba Central, kenako ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli makina osefa magazi monganso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ana aang'ono amasefedwa kudzera m'mimba. Madzi apadera amalowetsedwa ndi kapaipi, amakhala kanthawi akukoka zoipa, n'kutulutsidwa, mobwerezabwereza usana ndi usiku. Njirayi sifuna magetsi ambiri koma imafuna manja oyera ndi kuwerenga kosalakwitsa kwa madzi olowa ndi otuluka, ndipo madzi akatuluka a mbuu ndiye kuti tizilombo talowa. Impso zoima mwadzidzidzi nthawi zambiri zimadzuka pakapita masiku kapena masabata, n'chifukwa chake bungwe la International Society of Nephrology linayambitsa ntchito ya 0by25 mu 2013, yofuna kuti anthu a m'maiko osauka asamafe ndi vuto lochizika chotere. Zimene zafa pang'onopang'ono kwa zaka sizidzukanso, ndipo kuika impso ina kumachitikira kunja, monga ku India. Pamenepo ntchito ya namwino imasanduka yochepetsa ululu, kuyabwa ndi mseru, ndi kuuza banja zoona mofatsa.

Chotupa cha Wilms, khansa ya impso imene imagwira makamaka ana osapitirira zaka 5, kawirikawiri chimapezedwa ndi mayi posambitsa mwana, akakhudza chinthu cholimba mbali imodzi ya mimba. Sichisisitidwa kapena kudinidwadinidwa. Chimachizika ndi mankhwala a khansa oyamba kuchiphwetsa, kenako opaleshoni, imene ku Blantyre imachitikira ku Mercy James Centre yotsegulidwa mu 2017, ndipo mwana amakula bwino ndi impso imodzi. Chimene chimapha ambiri ndi kuchedwa ndi kusiyira chithandizo panjira, ndalama ya thiransipoti itatha kapena ntchito ya kumunda itaitana.

Potulutsa mwana, namwino amalemba m'buku lake la kuchipatala dzina la nthenda, sikelo ya tsikulo, BP, mankhwala ndi mlingo wake, mankhwala oyenera kupewa, ndi tsiku lobwerera, kuti ngakhale pachipatala chaching'ono cha kunyanja wowerenga adziwe poyambira. Mayi amabwereza ndi pakamwa pake zizindikiro zobwererera msanga: zikope kutupa, mkodzo kuchepa, kuchita thovu kapena kusintha mtundu, mutu ndi kusanza, kutentha thupi. Wa nephrotic syndrome amatha kutupanso akangodwala chimfine, ndipo zimenezi zingabwerezeke kwa zaka mpaka atakula. Wa nthenda yotsatira mphere angakhale ndi timagazi tosaoneka ndi maso mu mkodzo kwa chaka chathunthu ali bwinobwino, koma a m'nyumba mwake onse ayenera kuchizidwa mpherezo. Amene impso zake zinaima n'kudzuka amayezedwanso mkodzo, magazi ndi BP pakapita miyezi 3, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake amadziwitsidwa kuti akamuyendere ngati tsikulo lapita iye osaoneka.